Kiliniki ya BP ndi shuga pa chipatala cha boma kuno ku chigwa: nyenyezi 2 pa 5

Nyenyezi ziwiri pa zisanu, ndipo ziwirizo ndaperekera anthu ogwira ntchito, dongosolo lake likanati liime palokha olo imodzi silikanapeza. Ndikunena kiliniki ya BP ndi shuga ya pa chipatala china cha boma kuno ku chigwa komwe ndimaperekezako mayi anga mwezi ndi mwezi. Dzina la chipatala sinditchula, mayi akupitabe komweko ndipo mwezi wamawa ndine ndemwe ndikaime pa windo la famase, komanso ndikudziwa kuti aliyense wa kuno kuyambira pa Thabwa mpakana ku Marka akawerenga aziti akunena cha kwathu uyu.

Ndiyambe ndi zabwino anthu asamati ndangobwera kudzanyoza. Sitilipira. Kuyezedwa BP ndi ulere, kuonana ndi adokotala ulere, mankhwala akapezeka ulere, ndipo amene anapitako ku pulaiveti ku Blantyre akudziwa kuti kungokhala pampando wa adokotala ndalama ya mbuzi yayamba kale kunyamuka. Chachiwiri pali nesi mmodzi pamenepo, mayi wachikulire ndithu, amene amadziwa odwala ake ndi nkhope, amalankhula Chisena kwa wa Chisena, Chimang'anja kwa wa Chimang'anja, olo abale athu owoloka kuchokera ku Mozambique sawafunsa zambiri amangoti khalani apa. Mayi anga amawatchula kuti mwana wanga, iwo amati agogo, ndipo tsiku lina anawakalipira bwinobwino atamva kuti anasiya mapilitsi sabata yonse chifukwa mutu unasiya kupweteka. Anati, "Agogo, BP siimachenjeza, tsiku lomwe mudzamve kuti yakwera mkono udzakhala utafa kale." Ine ndinayesa kuwauza zomwezo kunyumba kangapo osandimvera, koma a nesi atanena anamva. Nyenyezi imodzi ndi ya mayi ameneyu payekha.

Tsopano tsiku lake limayenda chonchi. Kiliniki imachitika tsiku limodzi pa sabata, nde anthu onse a BP, a shuga, a mphumu, a khunyu amakumana tsiku lomwelo. Mukafuna kubwerera dzuwa lisanafike paliwombo muyenera kufika kusanache, kuika buku lanu pa mulu womwe umakhala pakhonde, pamwamba amatsamiritsa mwala kuti mphepo isamwaze, ndipo amene waika mochedwa nkulowetsa lake pansi pa mulu amayambitsa nkhondo, ndinaonapo azigogo awiri akukokerana buku mpaka chikuto kuthothoka. Kenako kudikira. Mabenchi ndi ochepa, ambiri amayala chitenje pansi pa mtengo wa nimu. Mu Okutobala ndi Novembala kuno madigiri 40 si nkhani yoti nkudabwa nayo, ndiye taganizani munthu wa zaka zoposa 70, wa shuga, amene anamuuza kuti asadye kanthu kuti amuyeze magazi, wakwera kabaza mtunda wautali, wakhala padzuwa mpaka 10 koloko. Akamati tiyeze BP nambala imene ikutuluka pamenepo ndi ya matenda kapena ndi ya layini? A nesi aja amadziwa, amamuuza munthu kuti akhale kaye pamthunzi apume nkumuyezanso, koma zimenezo zimatalikitsanso layini yomweyo.

Tisanayambe pamakhala maphunziro a zaumoyo, mlangizi amaima kutsogolo nkumati chepetsani mchere, chepetsani mafuta, muziyenda. Uphungu wabwino ndithu, koma tsiku lina agogo ena aamuna anakweza mkono nkuti, "Mwanawe, mchere wa mu ndiwo tasiya, nanga wa mu mjigo tiuchotsa bwanji?" Khonde lonse linafa nacho chiseko chifukwa aliyense akudziwa mijigo yathu ina madzi ake ndi amchere moti olo sopo sachita thovu. Za kuyenda ndiye musanene, anthu oti alima ku dimba moyo wawo wonse ndipo abwera wapansi kuchipatalako. Mlangiziyo naye anaseka, anati zalembedwa pa tchati ndi zimenezi. Tchaticho chinajambulidwa munthu wa kumimba kwakukulu atagwira botolo ndi mbale ya tchipisi, pakhonde ponse panalibe olo mmodzi wofanana naye.

Makina oyezera BP ndi amodzi, aja a mabatire. Mabatire akatha ntchito yaima. Ndinafunsa kuti bwanji osangogula pa golosale ili panja pa geti, anandiuza kuti ndalama ya boma siituluka chomwecho, pafunika kulemba fomu yopempha, isainidwe, ipite ku ofesi ya boma, kukhale makoteshoni, komiti yogula zinthu ikhale pansi, ndipo ndalama ya mwezi umenewo ikhale kuti yabwera. Za mabatire anayi. Mapeto ake a nesi amatulutsa ya mthumba mwawo kapena ife odikira timasonkherana, wamva mmimba ndiye atsekula chitseko. Ine sindikutsutsa zoti ndalama ya boma izitetezedwa, Cashgate ya 2013 tonse tikuikumbukira, koma taonani pomwe chitetezocho chimalimba. Mabiliyoni anatuluka ku Capital Hill ma siginecha onse ali fulu, batire ndiye yomwe imakanika kudutsa.

Zolembalemba ndiye ndi pomwe mtima wanga umawawira. Dzina la mayi anga tsiku limodzi limalembedwa mu kaundula wa pakhomo, mu buku lawo la kuchipatala, pa khadi lalikulu lomwe limatsala mu fayilo, mu kaundula wa kiliniki, kenako ku famase alembenso. Dzina, mudzi, mfumu, zaka, zomwezomwezo, ndi dzanja. Adokotala ndi mmodzi, ndipo nthawi imene amathera akuyang'ana mayi anga kumaso ndi yochepa kuyerekeza ndi imene amathera akujambula mizere mu kaundula chifukwa mafomu osindikiza anatha nde amachita kulemba okha ndi rula. Kutha kwa mwezi manambala onsewo awawerengenso pamanja kuti apange lipoti lopita ku boma likalowe mu kompyuta ya unduna. Ndiye kompyuta ilipo, koma ili kumapeto, imathandiza wolandira lipoti osati wodwala ali pa benchi. Khadi lija la mu fayilo likasowa, ndipo limasowa, amatsegula lina latsopano ngati munthu wayamba lero.

Mukapirira zonsezo mwafika pa windo la famase. Apa ndi pomwe nyenyezi zitatu zinagwera. Adokotala alemba mitundu iwiri ya mankhwala a BP, HCTZ ndi amlodipine, wa pa windo atenga cholembera nkuika O/S, kutanthauza kuti atha, pambali pa umodzi, mwezi woipa pambali pa yonse, nkukubwezerani buku osakweza nkomwe mutu, "mukagule." A shuga nawo metformin pena alipo pena palibe, timapepala toyezera shuga timasowa kuposa mankhwala ake. Ndiye munthu wadzuka usiku, walipira kabaza kupita ndi kubwera, wataya tsiku la ku munda, kuti akamve mawu amodzi oti mukagule. Chimene chimandipweteka nchoti iwo amadziwa kuyambira mmawa kuti mankhwalawo palibe. Bolodi ilipo pa geti, yadzaza ndi mapositala a kolera a 2022 oti anachita kuyera ndi dzuwa. Choko chimodzi chikanakwana kulemba kuti lero amlodipine palibe, munthu asankhe yekha kudikira kapena ayi. Ndinawauzapo a pa windo, anati, "Achimwene, zimenezo mpaka abwana avomereze."

Ife timagula poti ndimapeza kangachepe, koma ambiri a pa benchi paja sagula. Amapita kwawo, amadula pilitsi pakati kuti afikitse mwezi, ena amamwa tsiku lomwe amva chizungulire lokha, ena amatembenukira ku adyo ndi masamba a chammwamba. Kafukufuku wa STEPS wa 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa atatu aliwonse m'Malawi muno ali ndi BP yokwera, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa nkomwe. Ndekuti awa abwera okha pakhondewa ndi ochepa amene anamvera uphungu, nde ndi omwewo tikuwabweza chimanjamanja.

Tsono mverani ichi, ndi chimene chandilembetsa zonsezi. Pa chipatala chomwecho, mpanda womwewo, mukangokhota kuseri kwa labu pali kiliniki ya ma ARV. Ndili ndi msuweni wanga amene amalandira kumeneko, sabisa, ndipo anandilola kuti ndinene. Iye amapita kawiri pa chaka basi. Kuyambira 2019 Malawi inayamba kupereka ma ARV a miyezi 6 nthawi imodzi kwa amene akumwa bwino ndipo tizilombo tachepa mmagazi. Akafika buku lake lili ndi kasitika ka mizeremizere, amakawalitsa ndi kamakina, mbiri yake yonse yatuluka pa sikirini, amudina apa ndi apa, kasitika kena katuluka kolemba tsiku lodzabweranso, wanyamula mabotolo ake wapita. Akadumphitsa tsiku amamuimbira foni, akapanda kuyankha munthu amabwera pa njinga mpaka kumudzi. Mankhwala ake sanabwererepo kuti palibe. Amandiseka kuti inu a BP ndinu amene mukudwala, ife tinachira kale.

Za kusiyanaku ndinaziona bwino nthawi ya namondwe Ana mu Januwale 2022. Madzi atalowa mnyumba usiku tinathawa ndi zomwe tinavala, buku la mayi linapita limodzi ndi mapira ndi nkhuku. Titapita kuchipatala adokotala anafunsa kuti mumamwa mankhwala anji, mayi anati toyera tating'ono ndi tina toyeranso koma tokulirapo. Mlingo wake sakudziwa, khadi la mu fayilo silikuoneka, tinayambiranso pa ziro kuyesa uwu kuyesa uwo miyezi ingapo miyendo ikutupa. Msuweni uja naye lake linapita ndi madzi omwewo, anangotchula dzina ndi mudzi, anamupeza mu kompyuta, tsiku lomwelo anatuluka ndi mabotolo. Namondwe Freddy atabwera mu Malichi 2023 nkhani inali yomweyo kwa anthu ena ambiri a mmakampu. Dera loti limasefukira mu 2015, mu 2019, mu 2022, mu 2023, koma mbiri ya matenda a munthu tikuisungabe mu kabuku ka pepala komwe amakasunga pansi pa mphasa.

Ndikudziwa ayankha kuti kumeneko kuli ndalama za azungu. Nzoona, ma ARV amagulidwa kwambiri ndi thandizo la Global Fund, dongosolo lambiri la kumeneko lakhala likuyendera ndalama za PEPFAR ya ku America, ndipo mankhwala ake amayenda njira yawoyawo mpaka kufika pa chipatala. A BP ndi shuga amadutsa ku Central Medical Stores Trust, yomwe ili ndi nkhokwe ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Mzuzu, chipatala chimaoda, iwo amatumiza chomwe ali nacho, ndipo nyuzipepala zakhala zikulemba zaka ndi zaka za ngongole zomwe boma limakhala nazo kumeneko. Mankhwala ambiri timagula kunja ndi madola oti akusowa, kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 ndiye bajeti yomweyo ikugula mapilitsi ochepa. Ku Abuja mu 2001 maiko a mu Africa analonjeza kuika 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo, ife zaka zambiri sitifikapo. Zonsezo ndikuvomera. Komanso America itaimitsa thandizo mu Januwale 2025 msuweni uja tulo anasowa, ndiye sindikunena kuti kudalira alendo ndi nzeru.

Koma si zonse za kuseri kwa labu zimene zimafuna dola. Kumupatsa munthu amene BP yake yakhazikika mankhwala a miyezi itatu mmalo mwa umodzi sikuonjezera pilitsi olo limodzi pa chaka, ndi mapilitsi omwewo, koma layini ya pakhonde imatsika kwambiri ndipo adokotala apeza mpata woyang'ana amene wadwalikadi. Kulemba dzina kamodzi mmalo mwa kasanu sikufuna dola. Kupereka maola osiyana, awa abwere mmawa awa masana, sikufuna dola. Alangizi a zaumoyo aja amayendetsa kale sikelo ndi tizipatala ta mmidzi ta ana, kuwapatsa makina a BP kuti agogo aziyezedwa pa mudzi pomwepo nkumapita kuchipatala pakakhala vuto si zakumwamba ayi. Anthu odziwa kuyendetsa zimenezi ali kale pa chipatala chomwecho, amadyera limodzi nsima ya masana pa kantini imodzi ndi a kiliniki yathu. Koma makaundula ndi osiyana, malipoti osiyana, mabwana osiyana, ndiye nzeru yoti ikanangoyenda wapansi kudutsa pa labu ikudikira kuti ikazungulire kaye ku Lilongwe.

Ikazungulira kumeneko imabwera ngati wekishopu. Mwezi wina tinafika nkumva kuti adokotala kulibe apita ku maphunziro sabata yonse ku hotela ina ya kunyanja, kiliniki anaigwira ndi wophunzira ntchito amene ankangokopera zomwe zinalembedwa mwezi watha. Maphunziro ake a chani? A kasamalidwe ka odwala BP ndi shuga kkkk. Munthuyo sindimuda, malipiro ake ndi ochepa, alawansi ya sabata imodzi imamulipirira mwana fizi, ine ndikanakhala iye ndikanapitanso. Cholakwika ndi dongosolo loti wogwira ntchito amapeza zambiri akachoka pa ntchito kuposa akakhalapo. Ndipo boma likudziwa. Ndalama za Covid zija K6.2 biliyoni zitafufuzidwa mu 2021 zinapezeka kuti zina zinathera mma alawansi ndi kugula zinthu mosatsata malamulo, a Chakwera anapatsa malemu a Chilima ntchito younika nkhani za ma alawansi, kagulidwe ka katundu ndi makontirakiti a ntchito, lipoti linaperekedwa mu Meyi chaka chomwecho koma silinatulutsidwe kuti eni misonkho tiwerenge. A Chilima omwewo ndi amene anatsogoleranso zosintha kagwiridwe ka ntchito za boma zomwe zinakhazikitsidwa mu 2015 nthawi ya a Mutharika. Maboma asinthana, mawu oti rifomu tawamva pa wailesi mpaka kuwaloweza, koma mwala uja ukadali pamwamba pa mulu wa mabuku.

Za kuba mankhwala ndingodutsa poti aliyense ali ndi nkhani yake. Unduna unachita kukhazikitsa gulu lofufuza za kubedwa kwa mankhwala mu 2016, ndiye si mphekesera. Ine sindinaonepo munthu wa pa chipatala chathu akutulutsa katoni, sindinamizira munthu. Chomwe ndinaona ndi maso ndi makatoni a mankhwala otha nthawi ataunjikidwa mu kachipinda kena, akuti akudikira chilolezo choti akawotchedwe, ena mwa iwo anabwera atatsala pang'ono kutha ndipo sanali omwe anaodedwa. Kuba kumapweteka, koma uku nakonso ndi kutaya ndalama, kungoti palibe amene amamangidwa.

Ambulansi ilipo, dalaivala alipo, mafuta ndiye amayendera mwezi. Bambo wina amene tinkakhala naye benchi limodzi, wa nthabwala, wogulitsa makakana ouma, anagwa ndi sitiroko atakhala miyezi osamwa mankhwala bwino. Anamulembera kalata yomutumiza ku chipatala chachikulu, abale anauzidwa kuti galimoto inyamuka odwala akakwana angapo kapena asonkhe a mafuta. Anagulitsa mbuzi. Munthu amene akudziwa msewu wokwera mapiri aja kuchoka pa Thabwa kupita ku Blantyre akudziwa kuti si ulendo woti wodwala sitiroko nkumukweza minibasi. Anachira koma mbali imodzi siigwira, akazi ake ndi amene amabwera ndi buku tsopano. Muwerengere nokha, mafuta a ambulansi, bedi, gadiyani wosiya munda, bizinesi ya nsomba yakufa, zonsezo kuyerekeza ndi mtengo wa kapilitsi kamodzi pa tsiku.

Kodandaula kulipo, pa pepala. Kuyambira 2018 zipatala za boma zinayamba kukhala ndi ombudsman wa pa chipatala, wolandira madandaulo a odwala, ganizo labwino, nambala yake inamatidwa pa khoma. Wathu ndi munthu waulemu, anandimvetsera, analemba mu buku lake, anandithokoza. Koma naye ndi wogwira ntchito pompo, amene ndikumudandaulayo ndi mnzake wodyera naye limodzi, ndipo za mankhwala anandiuza mosabisa kuti zili pamwamba pa mutu wake. Za choko ndi bolodi anati azitengera ku miting'i. Bokosi la maganizo lilipo, loko wake anachita dzimbiri. Komiti ya chipatala ya anthu a mmudzi imasainira mankhwala akafika, zimenezo nzabwino, koma palibe amene amatiuza ife kuti afika angati ndipo akwana masabata angati.

Zimbudzi ndi zaukhondo mmawa, ikamakwana 11 musalowe. Madzi akumwa tengani anu. Alonda a pa geti ndi abwino, amathandiza kutsitsa okalamba pa njinga, mmodzi amasungira mayi malo pa benchi akationa tikubwera, iwo amangoti takhuta mwanangu.

Nde kodi ndikulimbikitsa anthu kupita? Eya pitani, kulibe kwina, ndipo kuyezedwa kokhako ndi kofunika olo mankhwala mukagule. Wa shuga anyamule kachakudya mu chikwama kuti akangomutenga magazi adye pompo, osadikira kufika kunyumba. Musanaike buku pa mulu pitani kaye pa windo mukafunse mwaulemu ngati mankhwala anu alipo, pena amayankha. Akalemba O/S afunseni adokotala ngati pali mtundu wina womwe ulipo woti nkulowa mmalo, nthawi zina ulipo koma safuna kubwereranso mmbuyo, ndipo mukakagula pitani ku famase yovomerezeka ndi buku lanu, osati aja oyala pa thebulo pa msika padzuwa lathuli. Muli ndi funso imbani ku Chipatala cha pa Foni, amayankha bwino kuposa mmene ndinkaganizira. Ndipo amene muli ndi foni ya kamera jambulani tsamba lililonse la buku la makolo anu tsiku lomwe alembedwa, mutumizire mbale wina wa ku Blantyre kapena ku Joni pa WhatsApp asunge, mvula isanayambe.